Kachipangizo kolunzanitsa mtima wofooka: tingadziwe bwanji amene kadzamuthandize?

Munthu wa mtima wofooka mumamudziwira pachitunda. Amaima pakati pa njira, manja m'chiuno, befu lili pakhosi, anzake atapita kale. Usiku amasanjikiza mapilo atatu, chifukwa akangogona chagada amabanika ngati wamira m'madzi. Nsapato imene inalowa bwinobwino m'mawa, pofika madzulo ikukana phazi. Ambiri otere mankhwala amawadzutsa ndithu. Koma alipo ena amene amamwa mankhwala onse mokhulupirika, miyezi n'kumapita, befu osachoka. Ena mwa amenewa ndi amene dokotala wa mtima amayamba kuwatchulira kachipangizo kotchedwa CRT.

Kachipangizoka n'kapachibale ndi pacemaker, koma ntchito yake ndi ina. Pacemaker wamba amadzutsa mtima wogunda mochedwa, pomwe CRT imalunzanitsa makoma a mtima amene asiya kufinyira limodzi. Amakaika pansi pa khungu, cham'munsi mwa phewa, kawirikawiri lakumanzere. Kamakhala ndi mawaya atatu olowa kudzera m'mitsempha: wina m'chipinda cham'mwamba chakumanja, wina m'chipinda cham'munsi chakumanja, wachitatu n'kuzungulira kumbuyo kwa mtima mu mtsempha wotchedwa coronary sinus, mpaka kukakhala pa khoma lakunja la chipinda chachikulu chakumanzere, chomwe chimapopera magazi thupi lonse.

Amene anaonapo asodzi akukoka khoka kunyanja savutika kumvetsa. Zingwe ndi ziwiri, magulu ndi awiri, ndipo ayenera kukokera limodzi. Gulu lina likamatsalira, khoka limapendekeka, nsomba n'kumapulumukira m'mbali, chikhalirecho thukuta lachoka kwa onse. CRT ili ngati woyambitsa nyimbo amene waima pakati pa maguluwo kuti manja agwere pamodzi. Tsono khoka limatha kulephera pa zifukwa zitatu. Mwina gulu linalo silikumva nyimbo. Mwina likumva, koma anthu ake alibiretu mphamvu. Mwinanso onse akukokera limodzi kale, kungoti onse ndi ofooka. Woyambitsa nyimbo amathandiza pa vuto loyambalo lokha, ndipo njira zonse zomwe tiyerekeze pano zikuyesa kusiyanitsa zitatuzi opaleshoni isanachitike.

Zoti kachipangizoka kamapulumutsa moyo zinatsimikizika kale. Serge Cazeau ndi anzake ku France anafotokoza za m'modzi mwa odwala oyambirira mu 1994, ndipo mu 2005 kafukufuku wa CARE-HF, wa odwala 813 ku Ulaya, anasonyeza kuti chiopsezo cha imfa chinatsika ndi 36 peresenti mwa amene anakalandira. Komabe pafupifupi wodwala m'modzi mwa atatu alionse saonetsa kusintha kumene kumayembekezeka. Munthuyo wapirira opaleshoni, walolera chiopsezo choti bala lingalowe tizilombo kapena waya angasunthe, ndipo batire likadzatha adzatsegulidwanso. Kwa banja limene lasonkherana kapena kugulitsa malo kuti m'bale wawo apite ku India kapena ku South Africa, nambala imeneyi ndi yolemera.

Pepala la ECG

Ndiyambe ndi njira yotchipa kuposa zonse, chifukwa ndiyo imene ndimaikhulupirira kwambiri. Namwino amamata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, ndipo mphindi zisanathe zisanu makina amatulutsa pepala lodzaza timabokosi. Pepalali limayenda mamilimita 25 pa sekondi, choncho kabokosi kakang'ono kalikonse ndi mamilisekondi 40. Pa kugunda kulikonse pamakhala kamzere kosongoka kotchedwa QRS, komwe kamaonetsa nthawi imene magetsi amatenga kuti afalikire m'zipinda zam'munsi. Mu mtima wabwino kamzereka ndi kowonda, sikadzaza timabokosi titatu. Dokotala amaika nsonga ya cholembera pomwe kayambira n'kuwerenga: kamodzi, tiwiri, titatu, ndi kachidutswa. Akapeza titatu ndi kachidutswa kakang'ono, ndiye mamilisekondi cha m'ma 130. Akapeza kuti kachinayi katsala pang'ono kudzaza, ndiye 150. Chigamulo chachikulu chonsechi chimatsamira pa kusiyana kosakwana milimita imodzi.

Kutambalala kokha sikokwanira, maonekedwe ake nawo ndi ofunika. Magetsi a mtima amatsika pa nthambi ziwiri, yakumanja ndi yakumanzere. Nthambi yakumanzere ikaduka, zomwe madokotala amalemba kuti LBBB, magetsi amayamba afika kumanja, kenako n'kumadutsa pang'onopang'ono mumnofu, mpaka khoma lakunja lakumanzere limafinya lomaliza anzake atayamba kale kumasuka. Papepala pamaoneka kamzere kotambalala kokhala ndi kamphako pamwamba, ngati chilembo cha M, m'mizere yoyang'ana kumanzere kwa mtima. Limeneli ndiye gulu losamva nyimbo lija, ndipo waya wachitatu amakakhala pomwepo.

Kafukufuku wa MADIT-CRT wa mu 2009 anali ndi odwala 1,820. Atawagawa malinga ndi maonekedwe a QRS, mu 2011 anapeza kuti mwa a LBBB chiopsezo cha imfa kapena kudwalika ndi mtima chinatsika ndi 53 peresenti, pomwe mwa amene QRS yawo inali yotambalala mwa mtundu wina phindu silinaoneke. Malangizo a European Society of Cardiology a mu 2021 akutsatira zomwezi. Wodwala amene mtima wake umatulutsa 35 peresenti kapena kucheperapo ya magazi a m'chipinda chakumanzere pa kugunda kulikonse, amene akuvutikabe ngakhale akumwa mankhwala oyenera, ndipo ali ndi LBBB ya 150 kapena kuposa, ayenera kupatsidwa. Wa LBBB ya pakati pa 130 ndi 149, kapena wa mtundu wina wofika 150, aganiziridwe mofatsa. Wosafika 130 asaikidwe, pokhapokha ngati akufunika pacemaker pa chifukwa china.

Pali mfundo ina yomwe ndimafuna amayi aziidziwa. Mtima wa mayi kawirikawiri ndi wocheperapo kukula, choncho QRS ya 140 mwa iye ndi kuchedwa kwakukulu kuposa 140 mwa bambo. Mu 2014 akatswiri a FDA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, anaphatikiza odwala oposa 4,000 a m'makafukufuku atatu, napeza kuti amayi a LBBB ya pakati pa 130 ndi 149 anapindula kwambiri, chiopsezo cha imfa kapena kudwalika ndi mtima chinatsika ndi 76 peresenti, pomwe mwa abambo a muyeso womwewo phindu silinaoneke bwino. Mayi akauzidwa kuti sanafike 150, ndi bwino afunsenso.

Zofooka zake zilipo. Nambala imene makina amalemba pamwamba pa pepala imatha kusiyana ndi imene munthu wayeza ndi maso. Mtima wotupa kapena wa makoma okhuthala, monga wa munthu amene wakhala ndi BP zaka zambiri, umatha kupereka kamzere kofanana ndi LBBB nthambiyo isanaduke. N'chifukwa chake mu 2011 David Strauss ndi anzake anakhwimitsa tanthauzo la LBBB: 140 kwa abambo, 130 kwa amayi, ndipo kamphako kaja kaoneke m'mizere iwiri kapena kuposa. Ngakhale zili choncho, poyeza kuchedwa kwa makoma, ECG ndi njira yokhayo imene makafukufuku akuluakulu onse anasankhira odwala, n'kuwatsatira zaka, n'kuwerenga amene anatsala ndi moyo. Njira zinazi palibe imene ili ndi umboni wotere.

Sikani ya echo

Echo ndi sikani ya mtundu womwe uja amajambulira amayi oyembekezera, kungoti amaiika pachifuwa. Palibe amene angaikidwe CRT osapangidwa echo, chifukwa ndi imene imayeza mphamvu yopopa ija ya 35 peresenti, kukula kwa zipinda, ndi mavalavu ngati akudontha. Pamenepo palibe mkangano. Mkangano unabuka pamene akatswiri anafuna kuti echo ndiyo izisankha odwala m'malo mwa ECG.

Ganizo lake linali lomveka. ECG imaonetsa magetsi, koma chimene tikufuna kukonza ndi kayendedwe ka mnofu, ndiye bwanji osayeza mnofuwo mwachindunji? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zipatala zingapo zinafalitsa miyeso yawo, uliwonse ukuoneka wodalirika pa chipatala chimene unabadwira. Kenako mu 2008 kunatuluka kafukufuku wa PROSPECT: odwala 498, zipatala 53 ku Ulaya, America ndi Hong Kong, miyeso 12 ya echo. Panalibe ndi umodzi womwe umene unalosera modalirika. Choipirapo, akatswiri awiri akayeza zithunzi zomwezo ankapeza manambala osiyana kwambiri.

Phunziro lopweteka linabwera mu 2013 ndi EchoCRT. Anatenga odwala 809 a QRS yowonda, yosafika 130, koma amene echo inkasonyeza kuti makoma awo sakuyendera limodzi. Onse anaikidwa kachipangizo, theka anawayatsira kulunzanitsa, theka osayatsa. Kafukufukuyu anamuimitsa asanathe. Mwa amene anawayatsira anamwalira 45, mwa enawo 26. Magetsi a anthu amenewa ankayenda bwino kale, ndipo kachipangizoka kanangosokoneza nyimbo imene inali m'malo mwake. Choncho ngati wina akukuuzani kuti QRS ya m'bale wanu ndi yowonda koma echo yaonetsa kuti CRT ithandiza, musavomere mwachangu, kafunseninso kwa dokotala wina wa mtima.

Komabe echo sinatayidwe. Pali zizindikiro ziwiri zimene maso ozolowera amaziona popanda kuyeza chilichonse. Choyamba, khoma la pakati pa zipinda ziwiri zam'munsi limagwedezeka mwadzidzidzi kulowa mkati kugunda kukangoyamba, n'kubwereranso msanga, ngati nsalu yokankhidwa ndi kamphepo. Madokotala amati septal flash. Chachiwiri, nsonga ya mtima imapendekekera uku ndi uku m'malo mofinyira mkati, ndiye apical rocking. Kafukufuku wa PREDICT-CRT wa mu 2016, wa odwala 1,060, anapeza kuti amene anali ndi zizindikirozi ankachira bwino ndi kukhala nthawi yaitali. Uyu anali kafukufuku wongotsatira odwala amene anaikidwa kale, choncho sakutipatsa chilolezo chomana munthu amene alibe zizindikirozo. Kumene ine ndimaona zikuthandiza ndi pa odwala a pakatikati, a 130 mpaka 149, kapena amene LBBB yawo ikukayikitsa. Pamenepo kugwedezeka kwa khoma lija kumatsimikizira kuti nthambi inadukadi.

MRI ndi zipsera

Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, mnofu wa pamenepo umafa n'kusanduka chipsera. Chipsera sichifinya, ngakhale muchithire magetsi otani. MRI, sikani yojambula m'thupi ndi maginito amphamvu, ndiyo imaonetsa zimenezi bwino kuposa njira zonse: amabaya wodwala mankhwala otchedwa gadolinium, ndipo patapita mphindi khumi kapena kuposerapo mnofu wamoyo umaoneka wakuda, chipsera n'kuwala mbee. Mu 2006 akatswiri a ku Leiden, ku Netherlands, anajambula odwala 40. Mwa amene anali ndi chipsera chodutsa khoma lonse cha kumbuyo ndi m'mbali, pomwe waya wachitatu amakonda kukhala, 14 peresenti okha ndi amene anathandizika. Mwa enawo anali 81 peresenti. Odwalawo anali ochepa, koma makafukufuku otsatira analoza komweko.

Phindu lenileni la kudziwa pomwe pali chipsera ndi kusankha malo a waya. Mtsempha wa kumbuyo uja uli ndi nthambi zingapo, ndipo woika amatha kusankha. Kafukufuku wa TARGET ku England mu 2012, wa odwala 220, anagwiritsa ntchito echo ya mtundu wapadera kupeza khoma lochedwa kwambiri koma lopanda chipsera, n'kulunjika pamenepo. Mwa amene waya analunjikidwa chonchi, 70 peresenti mtima wawo wotupa unaphwa, poyerekeza ndi 55 peresenti mwa amene anaikidwa mwachizolowezi. Apa zithunzi zikuyankha funso lakuti tiike pati, ndipo pa funso limeneli ECG wamba sinena zambiri.

MRI ndi yodula, imapezeka m'zipatala zochepa, wodwala wobanika amavutika kugona chagada ndi kugwira mpweya mobwerezabwereza, ndipo gadolinium amafuna kusamala kwa amene impso zawo zafooka kwambiri. Kwa amene anadwalapo mtsempha wotsekeka, ndalama yake ndi yoyenera kuilipira. Kwa wa LBBB yoonekeratu amene sanadwalepo zimenezo, kusowa kwa MRI kusachedwetse chithandizo.

Mbiri ya wodwala

Njira iyi sifuna makina, imafuna dokotala wofunsa ndi womvetsera. Mtima umene unafooka popanda kutsekeka kwa mitsempha umachira kwambiri kuposa wa zipsera. Amayi amachira kuposa abambo. Impso zofooka, mbali yakumanja ya mtima yofooka, matenda aakulu a m'mapapo, ndi mtima umene watupa mopitirira, zonsezi zimachepetsa chiyembekezo. Palinso kugunda kosokonekera kotchedwa atrial fibrillation, komwe kamatumiza magetsi ake mothamanga n'kumapikisana ndi kachipangizo. Kwa odwala otere nthawi zina madokotala amawotcha dala polumikizira zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi kuti kachipangizo kokha ndiko kazilamulira.

Apa nkhaniyi ikutikhudza mwapadera. Makafukufuku onse aja anachitikira makamaka ku Ulaya ndi ku North America, mwa anthu achikulire amene ambiri anali ndi mitsempha yotsekeka. Kuno kum'mwera kwa Sahara zinthu ndi zina. Kafukufuku wa THESUS-HF wa mu 2012, wotsogoleredwa ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo, anaona odwala 1,006 m'maiko 9. Zaka zawo zinali 52 pakatikati, chifukwa chachikulu chinali BP, pafupifupi 45 peresenti, kutsatiridwa ndi matenda a mnofu wa mtima ndi a mavalavu owonongeka ndi rheumatic fever, matenda oyamba ndi zilonda za pakhosi, pomwe mitsempha yotsekeka sinafike ndi 10 peresenti yomwe. Mbali imodzi zikutanthauza kuti wodwala wathu wa LBBB yeniyeni kawirikawiri amakhala wa gulu lochira bwino. Mbali ina, ambiri vuto lawo ndi valavu kapena BP yosagonjetsedwa, zomwe CRT siingakonze. Mayi amene mtima wake wafooka atangobereka amatha kuchira ndi mankhwala m'miyezi ingapo, ndiye madokotala sathamangira kumuika kachipangizo.

Mankhwala ndiwo muyeso woyamba. Masiku ano mitundu yake ndi inayi: a gulu la enalapril kapena sacubitril-valsartan, a gulu la carvedilol kapena bisoprolol, spironolactone, ndi a gulu la dapagliflozin. Munthu amwe miyezi yosachepera itatu pa mlingo woyenera, kenako echo ibwerezedwe. Amene akungomwa furosemide wochotsa madzi yekha sanafike poti n'kukambirana za CRT.

Kompyuta yolosera

Zaka zaposachedwa akatswiri akhala akuthira zonsezi mu kompyuta, ECG, echo, zotsatira za magazi, zaka, kuti iphunzire yokha. Chitsanzo ndi SEMMELWEIS-CRT ya ku Budapest, ya mu 2020, yomwe inaphunzira pa odwala 1,510. Inaposa miyeso yakale polosera amene angamwalire m'zaka zisanu. Koma kulosera imfa ndi kulosera phindu ndi zinthu ziwiri. Wodwalika kwambiri akhoza kukhala pa chiopsezo chachikulu ndi kachipangizo komwe, chikhalirecho popanda iko akanapita msanga. Komanso kompyuta imadziwa anthu okhawo amene inaphunzirapo. Pakadali pano ndingailole kuthandiza pokambirana ndi banja, osati kugamula.

Mawu oti sanathandizike

Nambala ija ya m'modzi mwa atatu imadalira zimene mukuyeza. Mu PROSPECT momwemo, 69 peresenti anapeza bwino malinga ndi mmene ankamvera ndi kusagonekedwa m'chipatala, koma 56 peresenti okha ndi amene chipinda chawo chakumanzere chinaphwa ndi 15 peresenti kapena kuposa pa echo. Odwala omwewo, mayankho awiri. Matendawa akasiyidwa amapita patsogolo, choncho munthu amene patatha chaka ali pomwe anali akhoza kukhala kuti wathandizika kwambiri: anali kutsetsereka, ndipo waima. Abambo a zipsera ambiri ali m'gulu limeneli. Echo yawo sisintha kwenikweni, koma masiku ogona m'chipatala amachepa. N'chifukwa chake chipsera, zaka kapena atrial fibrillation ziyenera kukonza zimene banja likuyembekezera, koma zisatsekere khomo munthu amene ECG yake ikumuyenereza.

Banja lidzafunsidwanso ngati likufuna CRT-P, yongolunzanitsa, kapena CRT-D, yomwe ilinso ndi mphamvu yomenya mtima ndi magetsi ukayamba kugunda koopsa. Yachiwiriyi ndi yaikulu komanso yodula. Kafukufuku wa DANISH wa mu 2016, wa odwala 1,116 opanda mitsempha yotsekeka, sanapeze kuti kuwonjezera mphamvu yomenyayo kunachepetsa imfa zonse pamodzi, ngakhale ocheperapo zaka anaoneka kupindula. Apanso MRI imathandiza, chifukwa kugunda koopsako kumakonda kuyambira m'mphepete mwa chipsera. Kuwonjezera apo, kuyambira 2017 pamene Weijian Huang wa ku Wenzhou, ku China, anafotokoza njira yoboola khoma la pakati kuti waya akakhudze nthambi yakumanzere kupitirira pomwe yadukira, amene mtsempha wawo wa kumbuyo wakanika kulowamo ali ndi pothawira. Umboni wake wa zaka zambiri ukusonkhanitsidwabe.

Ndipo kulosera konseku kukachitika bwino, ntchito imatsalabe. Mu 2009 ku chipatala cha Cleveland Clinic ku America anaunikanso odwala 75 amene ankati sanathandizike. Pafupifupi theka la iwo vuto linali nthawi imene kachipangizo kanatcheredwa pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, chinthu chokonzeka wodwala atakhala pampando. Ena anali ndi kugunda kosokonekera, ena magazi ochepa, ena waya ali pamalo olakwika, ena mankhwala osakwanira. Pa ulendo uliwonse wa kuchipatala katswiri amaika kachitsulo kowerengera pamwamba pa khungu, ndipo kompyuta imaonetsa kuti pa kugunda 100 kulikonse, kangati kanatsogoleredwa ndi kachipangizo. Kafukufuku wa mu 2011 wa odwala oposa 36,000 anapeza kuti amene anapitirira 98 ndi amene anakhala ndi moyo kwambiri. Funsani nambala imeneyo ulendo uliwonse, ndipo muilembe m'buku la kuchipatala pafupi ndi sikelo ya wodwala. Ngati m'bale wanu akudandaula kuti m'mimba chakumanzere mukudumpha ndi kugunda kulikonse, makamaka akagonera mbali imeneyo, nenani msanga. Ndi waya amene akukhudza mtsempha wa mnofu wopumira, ndipo mawaya a masiku ano ali ndi nsonga zinayi, kotero katswiri amangosankha ina pa kompyuta popanda kutsegula bala.